Thukuta la mu Julaye pa Chongoni

"Atsikana inu, ine chaka chino bulangete ndalipinda. Ndikungofunda chitenje, koma pakati pa usiku ndimadzidzimuka thupi lonse lili moto, thukuta lili kamukamu, mphasa yanyowa. Ndikatuluka panja kuti ndipitidwe mphepo, posakhalitsa ndayamba kunjenjemera."

Mawu amenewa ndinawamva pachigayo china cha m'mbali mwa msewu wafumbi umene umapatuka pa M1 kulowera ku Chongoni. Unali mwezi wa Julaye, ndipo wodziwa Dedza akudziwa kuti mwezi umenewu munthu sapinda bulangete. Mwera umawomba usiku wonse, chifunga chimakuta mapaini a m'nkhalango mpaka dzuwa litakwera, ana a sukulu amayenda manja ali m'khwapa. Magetsi anali atathima, chigayo chili zii, ife amayi titakhala pamatumba athu kudikira kuti ayake. Wolankhulayo anali mayi wa zaka ngati 50, wojintcha bwino, manja ake osonyeza kuti khasu amalidziwa.

Mnzake amene anakhala naye thumba limodzi sanachedwe kuyankha. "Mulamu, zimenezo si zabwinobwino. Dedza yomwe ino munthu n'kumatuluka thukuta mu Julaye? Alipo amene akukusonkherani moto usiku. Paja dimba lija munalimbirana ndi anthu."

"Inenso ndaganizapo zomwezo. Mtima umangogunda di di di, tulo osabwera, mawondo kuphwanya. Adzukulu akangosokosera pang'ono ndakalipa kale. Dzana ndinabisa ndalama ya banki m'khonde penapake, mpaka lero sindikukumbuka."

Agogo ena amene anali chapatali pang'ono akupeta mphale anaika lichero pansi. "Mwana wanga, kumwezi unapita liti?"

Mayi uja anayang'ana uku ndi uku kuona ngati mnyamata wa pachigayo ali pafupi, kenaka anatsitsa mawu. "Zikumabwera mwa apo ndi apo. Pena kudumpha miyezi itatu, pena kubwera kawiri mwezi umodzi."

"Ndiye usanamizire munthu. Palibe wakusonkhera moto. Ukukula basi. Tonse tinadutsa momwemo."

"Nanga bwanji simunatiuze, amayi?"

Agogo aja anangotola lichero lawo n'kupitiriza kupeta.

Iwo ananena zoona, kungoti analekeza panjira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo mayi amatengedwa kuti wasiyadi pakadutsa miyezi 12 yotsatizana osaona kanthu. Kukatsala zaka zingapo kuti nthawiyo ikwane, timatumba ta mazira timayamba kuchepetsa mahomoni otchedwa estrogen. Mahomoni amenewa sagwira ntchito ya uchembere yokha. Amathandiza ubongo kusunga kutentha kwa thupi pamlingo wake, amalimbitsa mafupa, amateteza mitsempha ya magazi, amasunga chinyezi m'njira ya amayi. Akachepa, ubongo umayesa kuti thupi latenthetsa pomwe silinatenthe, ndiye umatsegula timitsempha ta pakhungu n'kutulutsa thukuta. N'chifukwa chake moto uja umayambira pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, n'kuzilala pakapita mphindi zochepa, munthu n'kutsala akunjenjemera m'zovala zonyowa. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza kuti mwa amayi amene vutoli limawagwira pafupipafupi, theka amakhala nalo zaka zoposa 7, ndipo amayi akuda ndiwo amakhala nalo nthawi yaitali kuposa onse, zaka ngati 10. Zaka 10 si nthawi yoti munthu ungomuuza kuti "ukukula basi" n'kumusiya.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nkhaniyi ikukambidwa monong'ona patsinde pa mapiri amene makolo athu ankalangizirapo ana awo aakazi. M'mapanga ndi m'matanthwe a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zithunzi zakale, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Zithunzi zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, koma zoyera, za dothi lopaka ndi chala, ndi za Achewa, ndipo ofufuza monga Leslie Zubieta, amene anagwira ntchito paphanga la Mwana wa Chentcherere, asonyeza kuti zina mwa izo zinali za chinamwali. Za kutsimba sindiulula pano, si malo ake. Ndingonena kuti mtsikana wa kuno akatha msinkhu sasiyidwa yekha. Phungu amakhalapo, anamkungwi amakhalapo, wa kumpingo ali ndi chilangizo chake. Akamalowa m'banja amalangizidwa. Akaima koyamba pali chisamba. Mwana akabadwa, ntchembere zimabweranso kudzanena za mchere ndi za mphasa. Khomo lililonse la moyo wa mkazi lili ndi womulandira, kupatula ili lokha. Apa mayi amalowa yekha, ndipo poti tsopano iye ndiye wolangiza ena, amachita manyazi kufunsa.

Mwambo umamupatsa ulemu, zimenezo n'zoona. Mayi amene wasiya kusamba amathira mchere m'ndiwo tsiku lililonse mopanda womuletsa, ndipo mawu ake amalemera amayi akasonkhana. Koma ulemuwo sumuuza chochita thukuta likamutsika pakati pa usiku. Pomwe alangizi ali chete, ena apezapo msika.

Ndinazionera pa Linthipe tsiku la msika. Pakati pa ogulitsa kachewere, kabichi ndi kaunjika panali bambo wina wovala jekete, chimkuzamawu chili m'manja, patebulo atandandalika mabotolo a madzi ogula aja, koma muli zamadzimadzi zakuda bii.

"Shuga, BP, nyamakazi, zilonda za m'mimba, mphamvu za abambo, ndi inu amayi amene mukutentha thupi usiku, botolo lake ndi lomweli! Kapu m'mawa, kapu madzulo. Masabata awiri mudzandifuna nokha!"

Mayi wina wosenza dengu la tomato anatula pansi, nayandikira. "Achimwene, nanga ine ndimamwa a BP a kuchipatala. Ndiziphatikiza?"

"Ayi mayi, amenewo muyambe mwaimika. Achizungu ndi achikuda sayendera limodzi. Komanso aja amangogonetsa matenda, awa amazula ndi mizu yomwe."

Mayi uja anamasula mfundo ya pachitenje n'kuwerenga ndalama zomwe ndikhulupirira kuti zinali phindu la dengu lonselo. Atasenzanso katundu wake ndinamutsatira, ndikumupempha kuti mapiritsi aja asawasiye asanaonane ndi adokotala. Anaima n'kundiyang'ana. "Mayi, kuchipatala ndinawauza za kutenthaku. Anandibaya chala, akuti si malungo, pitani. Uyu ndiye wanditchulira vuto langa pagulu, ine osamuuza."

Yankho limenelo achipatala alimve bwino. Wamabotolo uja sanapose adokotala nzeru. Anangotchula chimene chikumuvuta mayiyo, pomwe ena anamupima malungo n'kuitana wotsatira. Ndikudziwa kuti mzere wa pachipatala cha kumudzi umafika panja ndipo wouthandiza amakhala mmodzi kapena awiri. Komabe kufunsa mayi wa zaka 48 kuti "kumwezi mukupita bwanji?" sikudya nthawi, ndipo funso lokhalo likhoza kupulumutsa phindu la tomato ndi moyo womwe.

Ine zitsamba sindizinyoza. Ndinakula ndikumwa muwawani m'mimba mukapota. LA amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chitsamba cha ku China, ndipo mayi amene anatsogolera ntchito yochifufuza, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Metformin wa odwala shuga nayenso mbiri yake inayambira pa chomera cha ku Ulaya. Kusiyana kwake n'kwakuti amenewa anapimidwa, mlingo wake ukudziwika, kuopsa kwake kukudziwikanso. Za m'botolo lija palibe akudziwa kuti muli chiyani ndipo n'zochuluka bwanji. M'mayiko angapo akatswiri atapima mankhwala ena ogulitsidwa ngati azitsamba anapezamo mapiritsi opha ululu ndi ma steroid osinjidwa, zinthu zomwe zimapangitsa munthu kupepukidwa sabata yoyamba kwinaku shuga ndi BP zikukwera. Kuno kwathu lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mankhwala azitsamba ogulitsa ali m'gulu la zomwe bungweli liyenera kuyang'anira. Sing'anga wa m'mudzi mwanu mumadziwa pakhomo pake, ndipo wanzeru zake amanena yekha kuti "izi pitani nazo kuchipatala". Wa botolo limodzi la matenda onse lero ali pa Linthipe, mawa pa Chimbiya, mkuja pa Lizulu. Zikavuta mukamupeza kuti?

Mu minibasi yopita ku Dedza boma ndinamva mmene nkhani zotere zimathera. Amayi awiri anakhala kumbuyo kwanga, wina atanyamula basiketi ya chakudya cha wodwala.

"Akulu anga anasiya mapiritsi nthawi ya Pasaka, akuti adyo ndi mandimu zikuwakwanira. Mwezi wathawu anagwa kudimba akukumba kachewere. Panopa mkono ndi mwendo wa kumanja sizikugwira, pakamwa papotoka."

"Pepani. Nanga achibale akuti chiyani?"

"Akuti anaponda zoipa. Ayamba kale kuloza zala agogo ena a m'mudzi momwemo."

Ndimo mmene vuto la mayi mmodzi limagwera mayi wina wokalamba amene sanalakwe kanthu. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka za pakati pa 25 ndi 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse a iwowo sankadziwa n'komwe. Mayi akasiya kusamba, chitetezo chimene estrogen ankapereka ku mtima ndi mitsempha chimachepa, motero nthawi yomwe akuvutika ndi thukuta ndi yomwenso BP ndi shuga zimakonda kutulukira. BP siipweteka. Munthu amalima bwinobwino mpaka tsiku lomwe mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Mapiritsi ake, monga hydrochlorothiazide kapena amlodipine amene ambiri amalandira, sachotsa matendawa koma amawagwira kuti asakwere, ndipo ukawasiya magazi amabwerera pomwe anali. Adyo ndi wabwino m'ndiwo. Chidede, chomwe ena amaviika n'kumamwa ngati tiyi, akafukufuku aona kuti chimatsitsako BP pang'ono. Koma pang'ono pamenepo sipalowa m'malo mwa piritsi.

Palinso mbali ina imene agogo a pachigayo aja sanaitchule. Si thukuta lililonse la usiku limene lili la ukulu. Likabwera ndi chifuwa chopitirira masabata awiri, munthu n'kumaonda, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, ndipo akayezetse makhololo. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi zilonda zochedwa kupola ndi zizindikiro za shuga. Mutu, chizungulire ndi kugunda kwa mtima zimapezeka mwa wosiya kusamba, mwa wa BP ndi mwa wochepa magazi yemwe. Kukhala pakhonde n'kumalota kuti mwa zonsezi changa n'chiti sikuthandiza. Kumangidwa kachipangizo pamkono ndi kubayidwa chala n'kumene kumasiyanitsa.

Ndipo poti tatchula kuphwanya kwa mawondo, amayi ambiri a msinkhu umenewu amayenda ndi Indocid kapena Brufen pamfundo ya chitenje, ogula pa okala, n'kumamwa tsiku ndi tsiku ngati chizolowezi. Mapiritsi amenewa akamwedwa nthawi yaitali amakweza BP, amawononga impso, amayambitsa zilonda za m'mimba. Kenaka munthu yemweyo akugula botolo la zilonda za m'mimba.

Pali gulu lina la amayi limene sililankhula pachigayo, koma lilipo m'mudzi uliwonse. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Mayi amene anayamba kumwa nthawi imeneyo ali ndi zaka 30, lero wadutsa 50, ana walera, adzukulu wawaona, ndipo naye thukuta lamupeza. Kuyambira 2019 ambiri akumwa piritsi lokhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa salowa bwino m'magazi akakumana m'mimba ndi mapiritsi a calcium, owonjezera magazi, kapena a magnesium aja othetsa kutentha pamtima. Malangizo ake amati ARV amwedwe maola awiri zinazo zisanamwedwe, kapena papite maola 6 zitamwedwa. Dolutegravir amakwezanso mphamvu ya metformin m'thupi, choncho wa shuga amafunika kumuonera mlingo. Tsono taganizani mayi amene mwana wake wa ku Johannesburg wamutumizira chibotolo cha mapiritsi olimbitsa mafupa, iye n'kumameza zonse pamodzi m'mawa ndi mtima woyera. Njira yake ndi yapafupi. Tsiku la sikelo yanu nyamulani zonse zimene mukumwa, za kuchipatala, za ku famase, za mwana wa ku Joni, ngakhale mizu yomwe, muziike patebulo la adokotala pamodzi ndi buku lanu. Akakalipa, akalipe, koma adziwe.

Nanga chothandiza n'chiyani? Zambiri zili kale m'minda ya Dedza. Soya, amene alimi kuno amalima n'kugulitsa yense kwa mavenda, ali ndi tizinthu tofananako ndi estrogen. Akafukufuku sagwirizana kwenikweni za mphamvu yake, ena anapeza kuti amachepetsako kutentha kuja, ena anaona kusintha kochepa zedi. Koma ngati chakudya ndi wabwino, ndipo phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga si la ana a kusikelo okha. Mayi asungeko chitini chimodzi pokolola. Mafupa amene ayamba kufooka amafuna calcium, ndipo usipa ndi matemba odyera kumodzi ndi minga yake, bonongwe, chisoso, mpiru, masamba a chammwamba ndi mkaka kwa amene angaupeze, zonsezi zili nayo. Dzuwa nalo limathandiza thupi kuigwiritsa ntchito. Za masewera olimbitsa thupi sindingawauze amayi amene amakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Uthengawo ngwa anzathu a m'maofesi a pa boma.

Mchere ndiwo tiyenera kuunena mosabisa. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wa m'ndiwo zonse. Ife timathira m'mphika, kenaka wina pambali pa mbale, soda m'therere, ndi tchipisi cha pachiwaya chothira mchere chodzaza dzanja. Fodya wa pamphuno ndi woika m'kamwa, amene agogo ambiri sasiyana naye, amakweza BP ndi kugunditsa mtima. Mowa, tsabola wambiri ndi tiyi wotentha kwambiri zimautsa moto uja mwa amayi ena, ndipo aliyense akadziyang'anira sabata zingapo amadziwa chimene chimamuutsira wake. Kuvala zopyapyala zingapo zoti uvule chimodzi kutentha kukabwera, kugona ndi kapu ya madzi ndi chitenje chouma pafupi, ndi zinthu zazing'ono koma zimabweza tulo. Ndipo kungodziwa kuti si ufiti, kuti zili ndi chiyambi ndi mathero, kumachotsa mantha amene amakulitsa vutolo.

Mankhwala a kuchipatala aliponso. Amabwezeretsa mahomoni aja kudzera m'mapiritsi, zomata pakhungu kapena zopaka, ndipo ndiwo amathetsa kutenthaku kuposa njira ina iliyonse yodziwika. Mu 2002 kafukufuku wa ku America anaopsa dziko lonse atasonyeza kuti mtundu wina wa mankhwalawa umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi. Atawunikanso pambuyo pake, akatswiri anaona kuti kwa amayi ambiri osafika zaka 60, amene asiya kusamba posachedwa, ubwino wake umaposa kuopsa kwake. Si a aliyense. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko kapena kuundana kwa magazi sayenera, ndipo woyamba kumwa ayambe wapimidwa ndi dokotala. Mayi wa kumudzi sawapeza msanga mankhwalawa, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa dziko likuwalakwira amayi. Timamusamala mkazi ali woyembekezera, timamutsata ndi katemera wa mwana ndi njira zakulera, akangomaliza kubereka timamuiwala.

Abambo nawo nkhaniyi ikuwakhudza, ngakhale amaikamba mwa njira yawo. Pansi pa mtengo wina pafupi ndi poimikira njinga za kabaza panali bawo, ndipo ine ndinali pabenchi ya telala kudikira chilundu changa.

"Amwene, kwanga kwavuta. Mayi a kunyumba andisamutsa pamphasa. Akuti poti anasiya kupita kumwezi, tikakhala malo amodzi mimba iwatupa, palibenso chotsuka m'kati."

"Ndiye mukudikira chiyani? Pezani wina wachitsikana. Mwamuna sakalamba."

Mkulu wina wa imvi amene anali kungoonerera anagwedeza mutu. "Mkazi wakuberekerani ana, wakusungani pamudzi pawo zaka zonsezi, lero wadwala pang'ono mukuti mupeze wina? Mwamufunsa chimene chikumupweteka?"

Bawo inapitirira, koma funsolo palibe analiyankha. Chikhulupiriro chakuti mayi wosiya kusamba akakhala ndi mwamuna amatupa mimba n'chofala, koma si choona. Msambo sutsuka kanthu kochokera kwa mwamuna, ndi chiberekero chabe chikutaya zomwe chinakonzera mimba imene sinabwere. Mimba ikatupa pamsinkhu umenewu, chifukwa chake chimakhala china, monga chotupa cha m'chiberekero, cha m'timatumba ta mazira kapena matenda a chiwindi, ndipo n'zofunika chipatala msanga. Ndimaganiza kuti amayi ambiri amabisala kuseri kwa chikhulupiriro chimenechi chifukwa choona chake n'chovuta kuchitchula kwa bambo. Njira ikauma, kukhala malo amodzi kumapweteka, pena mpaka kuchekeka. Mankhwala ake alipo: mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi amene amagulitsidwa m'mafamase, kapena estrogen wopaka amene dokotala angalembe. Zitsamba zoumitsa zomwe ena amaika zimangowonjezera zilonda. Chachikulu ndi kuleza mtima kwa mwamuna ndi kukambirana kwa awiriwo. Bambo amene wathamangira kwa wachitsikana n'kumabwereranso kunyumba adziwe kuti kachilombo ka HIV sikaona msinkhu, ndipo njira youma ndi yochekeka imakalandira mosavuta. Amayi nawo asataye njira zakulera msambo ukangoyamba kudumphadumpha. Mimba imathekabe. Malangizo a zaumoyo amati wopitirira zaka 50 adikire chaka chathunthu osaona kanthu, ndipo wosafika 50 adikire zaka ziwiri.

Chimene chandilembetsa nkhani yonseyi ndinachimva pamjigo, dzuwa litapendeka. Mayi wina wachikulire ankauza mnzake akuseka, "Ine ndiye ndabwerera utsikana. Zaka zinayi ndili phee, mwezi uno ndaonanso. Kaya ndi thobwa la soya lija." Mnzakeyo anaseka nawo, nati mwina Mulungu akufuna kuwapatsa wa kuukalamba.

Kumeneko si kubwerera utsikana. Magazi alionse otuluka mayi atatha chaka osasamba, ngakhale kadontho, ngakhale kamodzi kokha, ndi chizindikiro choti akapimidwe. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono, monga kuuma kuja. Koma ndi mmenenso khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'chiberekero zimadzionetsera. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha 2020 chinasonyeza amayi oposa 4,000 opezeka nayo pachaka, ndipo pafupifupi 3,000 omwalira nayo. Ambiri amafika kuchipatala mochedwa, atayamba azungulira ndi mabotolo ndi mizu. Chipatala cha mishoni cha Nkhoma, chomwe sichili patali ndi kuno, chinayamba mu 2013 ntchito yoyeza amayi ndi viniga n'kuwotcha pomwepo timalo tokayikitsa tisanasanduke khansa, ndipo kuyeza kotere kumachitikanso m'zipatala za boma. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Adzukulu akutetezedwa, koma agogo awo anakula katemerayo kulibe.

Ndinawauza amayi aja zimenezi, ndipo kuseka kunatha. Mmodzi anati, "Mwachita bwino. Safunsa anadya phula. Koma tikanafunsa ndani?"

Ofunsidwawo alipo kale. Anamkungwi alipo, amayi a Chigwirizano alipo, Amayi Achikatolika alipo, magulu a banki m'khonde amakumana sabata ndi sabata, alangizi a zaumoyo amayenda m'midzi ndi njinga. Pa Chongoni pomwepa pali malo a maphunziro a Namoni Katengeza a Sinodi ya Nkhoma, kumene atsogoleri a mpingo amabwera kudzasulidwa. Amene amaphunzitsa alangizi a anamwali awonjezere phunziro la mayi wosiya kusamba, aitane namwino adzafotokoze, abwere ndi makina oyezera BP, ndipo abambo akhale ndi tsiku lawo. Inu amayi amene munadutsamo kale, musadikire kuti mng'ono wanu ayambe kuloza zala anthu, muuzeni lero. Ndipo inu amene mwaonanso magazi mutasiya kalekale, musadikire tsiku la msika kapena kuti mukolole kaye. Pitani kuchipatala sabata ino.